Kufufuza za chimanga ku Ulónguè kudzera pa intaneti

Ndimaphunzitsa za ulimi kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndaona kuti chimene chimavutitsa ophunzira anga kwambiri ndi chilankhulo chimene zofufuza zambiri zinalembedwamo. Tikatsegula AGORA, nkhokwe imene bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linakhazikitsa mu 2003 kuti mayiko osauka azipeza zolemba za akatswiri a ulimi kwaulere kapena pamtengo wotsika, zambiri zimabwera m'Chingelezi, pamene ifeyo timaphunzitsa m'Chipwitikizi. N'chifukwa chake ndimawayambitsa ndi SciELO, nkhokwe ina ya zofufuza imene inayambira ku Brazil, popeza muli zofufuza zochuluka za chimanga ndi nyemba zolembedwa m'Chipwitikizi zimene iwo angathe kuwerenga okha.

Mlungu wathawu mtsikana wina anandionetsa foni yake yosweka galasi, momwe anasungamo zolemba 7 zokhudza ntchemberezandonda, zimene anakopera pakati pa usiku netiweki ikuyenda bwinoko. Sanadziwe kuti amene analemba ndi ndani, choncho tinakhala pansi n'kuzilowetsa zonse mu Zotero, pulogalamu yaulere yosungira mayina a olemba ndi zaka. Dzina lakelo linamuseketsa, chifukwa kwathu kuno "zotero" ndi mawu amene timanena tsiku lililonse.