Gelo yomvera makina, maselo akuikana

Sabata ino yathera pa mkangano umodzi: gelo (phala limene timasakanizamo maselo amoyo) imene imatuluka bwino m'makina osindikizira khungu si imene maselo amakondamo kukhala.

Lolemba tinayamba ndi alginate, ija amaichotsa ku zomera za m'nyanja zamchere. M'makina ilibe mavuto. Ukangoithira calcium chloride imalimba pompo, mizere yake yoongoka bwino. Koma ma fibroblast, maselo a khungu la mkati, alibe pogwira m'menemo. M'mawa mwake pa maikulosikopu anali ali phee, obulungira ngati timikanda, osatambasuka n'komwe. Tinaiika pambali.

GelMA ndiyo inatidyera nthawi. Imeneyi ndi gelatin yosinthidwa kuti izilimba ikaunikidwa, ndipo maselo amaigwira bwino chifukwa inachokera ku collagen, puloteni imene imamanga khungu m'thupi. Vuto lake ndi kutentha. Pa madigiri 37 imakhala madzi enieni. Ukasindikiza itafunda choncho, mizere imasungunukirana n'kukhala chithaphwi. Ikazizira kwambiri imatseka singano. Mnzanga woyang'anira makina akaona zimenezi dzanja lake limathamangira kowonjezera mphamvu ya mpweya wokankha, ine n'kumamuletsa, poti maselo akapanikizidwa podutsa pa kabowo kakang'ono amang'ambika. Iye amaona mzere, ine ndimaona maselo. Kuwala kolimbitsira kuja nakonso n'chimodzimodzi: ukaunika nthawi yayitali gelo imauma gwa, maselo n'kusowa potambasulira.

Lachinayi utoto unaweruza mlandu. Timathira mitundu iwiri, maselo amoyo amawala mobiriwira, akufa mofiira. Mbale zimene tinakankha mwamphamvu zinali ndi madontho ofiira mbwee. Tinasintha singano n'kuika yotakasuka, ndipo mizere yakula. Kwa ine palibe chotayika: khungu ndi chinthu chafulati, silifuna zokongoletsa.

Collagen yeniyeni imachita zosemphana ndi gelatin. Timaisunga pa ayezi, imagwirana ikafunda, komanso mochedwa. Ma fibroblast akaikonda amaikoka mpaka kachidutswa konse kufwanyala. Tangosakaniza pang'ono chabe.

Lachisanu tinachepetsa madzi odyetsera m'mbale za sabata yatha, zija tinadzalapo ma keratinocyte (maselo a khungu lakunja) pamwamba, kuti akumane ndi mpweya. Popanda mpweya sasanjikizana n'kupanga chikopa chakunja, ndipo ntchitoyo imawatengera pafupifupi sabata ziwiri. Kunabweranso mlendo amene anafunsa kuti tiyamba liti kumata khunguli pa anthu opsa ndi moto. Ndinamuuza mosabisa: mulibe mitsempha ya magazi, mulibe tsitsi, silituluka thukuta, ndipo maselo akatalikira chakudya ndi okosijeni kupitirira ma micrometre 200 (gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita) kapena cha pompo amayamba kufa. Pakali pano khungu lotere limathandiza kwambiri poyesa mankhwala ndi mafuta odzola, makamaka chiletsereni European Union mu 2013 kugulitsa zodzola zoyesedwa pa nyama. Anaoneka wokhumudwa, koma analemba zonse.

Maselo sadziwa za Loweruka. Madzi odyetsera ayenera kusinthidwa mawa asanasanduke achikasu, ndipo pa ndandanda dzina lagwera ine.