Ulendo wathu wa ku Guangzhou

Amayi anzanga a gulu lathu la geni, inu amene munatsala mwakhala mukufunsa kuti ku China nkutali bwanji. Nkutali ndithu. Tinanyamuka masana pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, ndipo tinauluka maola pafupifupi 4 kuti tifike ku Addis Ababa, mtunda wa makilomita oposa 2,500. Titangotsika, asungichuma athu anamanganso chitenje bwinobwino, ati tafika. Iwotu anazolowera ulendo wa ku Joni. Titawauza kuti kutsogoloku kudakali makilomita pafupifupi 8,000, anakhala pa benchi, nagwira chibwano.

Ndege yachiwiri inanyamuka usiku. Kumbuyo kwa mpando uliwonse kunali kagalasi koonetsa mapu, kandege kakusuntha ngati nkhono pamwamba pa nyanja, kenako pa India. Umagona, kudzuka, kudya, kugonanso, ukayang'ana kadakali pa India pomwepo. Amayi a tcheya anavula nsapato kuti miyendo ipume. Patatha maola oposa 10 miyendo ija inali itatupa, nsapato zikukana. Tinayesa kukoka awiri, zinakanika. Analowa m'dziko la eni atavala masilipasi a alembi, nsapato zawo zatsopano zija zili m'manja, koma akuyenda mwaulemu wawo wonse. Amayi, tinakunyadirani.

Mkangano unabuka pa nthawi. Wotchi za m'manja mwathu zinkanena m'mawa pamene kunja dzuwa linali litapendeka, chifukwa China ili patsogolo ndi maola 6. Asungichuma anakana kusintha wotchi yawo, ati nthawi ya ku Malawi ndiyo yoona. M'mawa mwake anaimbira abambo akunyumba kuwafunsa ngati ana apita kusukulu, kuno ku Malawi ili 2 koloko usiku. Zimene anayankhidwa mukawafunse okha.

Ku Canton Fair, chionetsero cha malonda cha mumzinda wa Guangzhou chimene chinayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pachaka, tinaphunzira kuti mtengo umatsika ukaoda katundu wambiri pamodzi, komanso kuti katundu wolemera ndi bwino kumutumiza pa sitima yapamadzi kudzera ku Beira kapena Dar es Salaam ngakhale amachedwa.

Chimene chinativuta ndi mpunga wa tsiku ndi tsiku, wodya ndi timitengo. Ku Xiaobei, dera la mu Guangzhou komwe kumadzaza amalonda a ku Africa, tinapeza malo ophika nsima. Inali yofewa, koma palibe anasiya m'mbale.

Zikomo alembi posunga mapasipoti athu m'kachikwama kanu ka pachifuwa kaja, ndi inu nonse amene munasonkha komanso kutiyang'anira mabenchi kumsika. Loweruka tikumane kwa amayi a tcheya, aliyense abwere ndi malisiti ake.