Wakuba mayuniti anali m'denga

Pakhomo pathu tilipo anthu 7: ine, bambo a ana, ana anayi, ndi mlamu wanga amene akuphunzira ntchito. Kwa nthawi yaitali nyimbo yanga yamadzulo inali imodzi: "Wasiya getsi loyaka kubafa ndani?" Ndinkazula matchaja m'masoketi ngati ndikuzula udzu m'munda. Munthu akangodzuka pampando kukamwa madzi, pobwera ankapeza TV nditathimitsa. Koma mayuniti ankangotha ngati tikutunga madzi ndi dengu.

Tsiku lina mita inayamba kulira usiku, mphika uli pakuka, mayunifolomu a mawa asanasitidwe. Ndili mkati mokalipa, mwana wanga wachisamba anandifunsa modekha: "Amayi, kodi tchaja mukulimbana nayoyi imadya magetsi ochuluka bwanji?" Ndinasowa choyankha. Ndinazindikira kuti ndakhala ndikulondera khomo osamudziwa wakuba nkhope.

Tinayamba ndi kumvetsa chimene timagulacho. Yuniti imodzi, imene pamita amalemba kuti kWh, ndi magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya chikayaka ola lathunthu. Pafupifupi chipangizo chilichonse chili ndi kachizindikiro kunsi kapena kumbuyo kosonyeza mawati ake, nambala yotsatidwa ndi chilembo W. Loweruka m'mawa ndinatuma ana ndi tochi ya pafoni kuti agadabuze chilichonse cholumikiza kumagetsi. Anabwera ndi kope lodzaza: ketulo 2,000, ayironi 1,800, mbale imodzi ya kuka 1,500, hita 2,000, fani 60, mababu akale 60, tchaja 10. Ya giza, thanki yotenthetsa madzi osamba, anakaiwerenga ndi bambo awo atakwera m'denga, ndipo anatsika ali tuu ndi fumbi: 3,000.

Samu yake ndi ya kupulayimale. Mawati kuchulukitsa ndi maola, kugawa ndi 1,000, mwapeza mayuniti. Titawerengera, ndinachita manyazi. Yuniti imodzi ingathe kutchaja foni mpaka kudzaza maulendo pafupifupi 50. Giza imameza yuniti yomweyo m'mphindi 20 zokha. Wachisamba uja sanayankhule kanthu, anangondiyang'ana n'kutseka kope.

Zolemba pachipangizo zimangonena mphamvu yake, sizinena kuti pakhomo panu chimayaka nthawi yaitali bwanji. Zimenezo imanena ndi mita. Kwa masabata awiri tinkalemba nambala ya pamita kawiri patsiku, 6 koloko m'mawa ndi 9 koloko usiku. Tinapeza kuti tikudya mayuniti pafupifupi 24 patsiku, ndipo chondidabwitsa chinali chakuti asanu kapena kuposerapo ankapita usiku, tonse tili m'tulo.

Pali kanthu kena pamita kamene ndinkangokaona osakalabadira: kagetsi kofiira kophethira. Pambali pake pa mita yathu palembedwa 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira maulendo 1,000 ndiye kuti yuniti yatha. Mita zina nambalayi imakhala ina, onani yanu. Usiku wina tinaima pamenepo ine ndi bambo a ana, iwo akuthimitsa maswichi a pabokosi imodziimodzi, ine ndikuwerenga. Giza ikuyaka, kagetsi kankaphethira pafupifupi sekondi iliyonse, ngati mtima wa munthu wothamanga. Atangoithimitsa, ndinafika poyesa kuti mita yawonongeka, chifukwa ndinadikira nthawi ndithu kasanaphethirenso.

Ndiye tinayamba ndi gizayo, ndipo pano ndichedwapo chifukwa m'pamene panagona nkhani. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna magetsi pafupifupi 1.16 Wh (ma Wh 1,000 ndiwo yuniti imodzi). Zikumveka zochepa, koma yathu ndi ya malita 150. Kuwachotsa madziwo pa madigiri 20 kufika pa 60 ndi mayuniti pafupifupi 7. Ikatha n'kudzazanso, enanso 7.

Tinaitana wamagetsi, chifukwa kumeneko si kogwiragwira munthu wosadziwa. Anapeza thermostat, chipangizo cholamulira kutentha kwa madzi, ili pa madigiri 70, madzi otentha moti tinkachita kuwasukuluza kwambiri ndi ozizira. Bambo a ana, pofuna kupulumutsa zambiri, anati, "Bwana, ingoikani pa 45." Iye anakana. Anati m'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo totchedwa Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma tinthunzi ta madziwo posamba. Ndinakawerenga pambuyo pake kuti dzinali linachokera ku mliri umene unagwira anthu pamsonkhano wa American Legion, bungwe la asilikali akale, mumzinda wa Philadelphia ku America mu 1976. Wamagetsi uja anaika pa 60, ndipo sitinatsikenso pamenepo. Anakutiranso gizayo ndi chofunda chake, n'kukulunga mapaipi a madzi otentha, ndipo anasintha kalabala ka mpopi wa kukhitchini umene unkadontha. Mpopi wa madzi otentha ukamadontha, mumalipira kawiri, madzi ndi magetsi.

Anatiikiranso timer yoti giza iziyaka m'bandakucha ndi madzulo basi. Kunena zoona, timer anthu amaitamanda mopitirira. Imangochepetsa kutentha kumene kumathawa madzi akangokhala m'thanki. Madzi amene mwasamba, giza iyenera kuwabwezeretsa basi, kaya pali timer kaya palibe. Chachikulu ndi malita amene akutsika m'mpopi.

Kuti ndidziwe malitawo ndinatenga ndowa ya malita 10 n'kuitchera pansi pa shawa. Inadzaza m'masekondi 50, kutanthauza malita 12 pamphindi. Mlamu wanga ndi ana akuluakulu awiri ankatha mphindi 10 aliyense, wina mpaka kuimbiramo nyimbo zitatu. Amenewo ndi malita 120 a madzi ofunda, mayuniti oyandikira atatu pa munthu mmodzi. Ine amene ndimasambira m'ndowa ya malita 20 ndinkadya theka la yuniti. Kuuza mlamu kuti afupikitse kusamba si nkhani yopepuka, munthu angaganize kuti mwatopa naye. Ndinangomuonetsa kope lija n'kunena kuti, "Alamu, taonani izi mundithandize maganizo." Anaseka, ndipo ndi iye amene anakagula mutu wa shawa wotulutsa madzi ochepa, malita 8 pamphindi. Ndi umenewo, kusamba kwa mphindi zisanu sikufika ngakhale yuniti imodzi. Kusintha mutu wa shawa kunagwira ntchito kuposa kugogoda kwanga pachitseko, chifukwa chitsulo sichiiwala ndipo sichikwiya.

Kukhitchini wolakwa wamkulu ndinali ine. Ketulo yathu ndi ya malita 1.7, ndipo aliyense wofuna kapu imodzi ankaidzaza mpaka pakamwa. Kuwiritsa lita imodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti. Tsiku lina Lamlungu ndinawerenga maulendo 8, kuposa yuniti imodzi, madzi ambiri n'kuziziranso momwemo. Tsopano timawiritsa m'mawa n'kuthira m'fulasiki yaikulu, wochedwa kudzuka amapeza momwemo.

Pakuka ndinaphunzira zinthu zimene ndinkazidziwa kale koma osazichita. Mphika wosavundikira umataya moto pamodzi ndi nthunzi. Kamphika kakang'ono pambale yaikulu kamatenthetsa mpweya wa m'khitchini. Mapoto awiri opindika kunsi, amene ankagwedera pambale, ndinawapumitsa, chifukwa poto wosakhudza bwino mbale amachedwa kuwira. Madzi akangowira ndimatsitsa moto, popeza madzi owira mwaphokoso satentha kuposa owira pang'onopang'ono. Mbale yachitsulo imasunga moto, choncho ndimathimitsa kutatsala mphindi zisanu kapena khumi. Zochedwa kupsa ndimaziviika usiku, ndikaziwiritsa bwinobwino ndimaphula mphika uli wovundikira n'kuukulunga m'bulangeti lakale, zimapsa zokha ine ndikuchita zina. Uvuni ndinasiya kuuyatsira kanthu kamodzi. Ndikayatsa, mashelefu onse adzaze.

Za kusita ndinene mwachidule, chifukwa zinatikanika. Tinagwirizana zosita zonse Lamlungu, kuyamba ndi zofuna moto wochepa, kutsiriza ayironi itathimitsidwa. Zinayenda masabata atatu. Pakhomo pa ana anayi sipalephera wina wotulukira Lachitatu m'mawa ndi shati yokwinyika. Nditawerengera ndinaona kuti ayironi imadzithimitsa yokha ikatentha, ndipo mphindi zisanu za m'mawa sizifika ngakhale kotala la yuniti. Ndinaisiya nkhondo imeneyo. Makina ochapira okha ndiwo ndinawaika pa madzi ozizira, chifukwa magetsi ake ambiri amathera potenthetsa madzi, osati pozunguza zovala.

Filiji ndi ya mawati ochepa, koma siigona. Ndinapana pepala pachitseko n'kulikoka: pamwamba linakanirira, pansi linangosololoka. Labala anali atatha, mpweya wozizira unkatuluka usana ndi usiku. Tinasintha labalayo, tinaikankha filijiyo kuti italikirane ndi khoma ndiponso kuka, tinapukuta fumbi la kumbuyo, tinasungunula madzi oundana amene anali atakula ngati mwala. Mkati mwa filiji mumafunika madigiri pakati pa 3 ndi 5, mufiriza 18 kunsi kwa ziro. Kuzizira koposa apo ndi kungotaya mayuniti. Ndiye panali filiji ina yakale pakhonde, imene tinkaisunga chifukwa inali mphatso ya paukwati wathu. Titaitsekula tinapezamo mabotolo atatu a madzi ndi anyezi mmodzi wofota. Tinaizula, ndipo m'mawa mwake kope linaonetsa kusiyana.

Mababu, amene ndinkathera mawu aja, anali ndi mlandu ndithu, koma osati a kubafa. Anali atatu a panja, a mawati 60 lililonse, oyaka maola 12 usiku uliwonse. Amenewo ndi mayuniti oposa awiri pausiku, pafupifupi 65 pamwezi. Babu lakale la kawaya m'kati limasandutsa pafupifupi magawo 9 mwa 10 a magetsi kukhala kutentha, n'chifukwa chake limaotcha mukaligwira. La LED la mawati 9 limawala chimodzimodzi, ndipo atatuwo pamwezi amadya mayuniti 10 okha. Sitinagule onse nthawi imodzi. Tinayamba ndi oyaka nthawi yaitali, panja, pabalaza, kukhitchini, la m'sitolo linadikira mpaka litapsa lokha. Panja tinaikanso kachipangizo kozimitsa kukangocha, chifukwa m'mawa aliyense amathamangira zake ndipo mababu ankatha kuyaka mpaka masana.

Zinthu zongokhala tcheru, monga dikoda, TV ndi zokuzira mawu, tinazilumikiza pa ekisitenshoni imodzi yokhala ndi swichi. Chipangizo chodya mawati 10 mosalekeza chimatha mayuniti 7 pamwezi. Si zambiri, koma kudina swichi imodzi pogona sikuvuta. Router ya intaneti tinaisiya, ana akanandiukira.

Kope lija ndinalipereka kwa mzime wanga wa zaka 9, amene amakonda udindo kuposa chilichonse. Amalemba nambala m'mawa asanapite kusukulu, ndipo ikakwera amafufuza ngati wapolisi. Patapita miyezi iwiri tinali pa mayuniti 15 patsiku. Nyengo yozizira itafika inakweranso, chifukwa madzi olowa m'giza amakhala ozizira kwambiri, ndipo hita imadya yuniti pa theka lililonse la ola. Hita tinaisiyira chipinda cha ana aang'ono, kwa ola limodzi asanagone, chitseko chotseka. Akuluakulufe tinawonjezera mabulangeti.

Sabata yatha mzime uja anabwera kukhitchini kope lili m'manja, nkhope itachita tsinya. "Amayi, dzulo takwera ndi mayuniti awiri. Ndafunsa aliyense, akukana." Ndinayang'ana uvuni, umene ndinauyatsa madzulo kuti ndifunditse mbale imodzi ya bambo ake, kenako foni inalira n'kuuiwala kwa ola lathunthu. Ndinamuuza kuti alembe dzina langa. Analemba, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri.