Zopanga za ana m'nyengo yozizira ku Britain: zomwe zauma, zomwe zakana

Ntchito ya chaka chino inayamba kumapeto kwa Novembala, ndipo cholinga chake n'choti pa tsiku lililonse lachisangalalo la nyengo yozizira, mwana akhale ndi chinthu chopanga yekha ndi manja ake, chosadya ndalama zambiri. Pofika pano zinthu zinayi zatheka, chachisanu chikudikira Febuluwale. Kwa makolo anzathu amene mwangofika kumene kuno, mfundo yaikulu ndi iyi: chimene chimalepheretsa ntchito zotere nthawi zambiri ndi kuumitsa. Kwathu chinthu chonyowa timangochiyanika pakhonde, pofika masana chauma gwa. Ku London mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane, ndipo ngakhale litawala, silitentha. M'nyumba mawindo ndi otseka, nthunzi ya kukhitchini ilibe kolowera. Choncho chilichonse chokhala ndi madzi kapena guluu chiyambike masiku awiri kapena atatu tsiku lake lisanafike.

Sabata yomaliza ya Novembala: zokongoletsa zokoleka za fulawa ndi mchere

Muyezo umene wagwira bwino ndi makapu 2 a fulawa wamba, kapu 1 ya mchere wosalala wa patebulo, ndi madzi ofunda osadzaza kapu. Madzi athiridwe pang'onopang'ono, chifukwa fulawa amasiyana kamwedwe kake. Kandani kwa mphindi 8 kapena 10 mpaka phalalo lileke kumata m'manja ndipo likhale losalala ngati dongo loumbira mphika. Likamang'aluka m'mbali, nyowetsani manja n'kukandanso. Likamata, wazani fulawa pang'ono. Muyezo umenewu umatulutsa tizidutswa pafupifupi 20 tapakatikati, tokwanira ana atatu kapena anayi.

Posalaza gwiritsani botolo losalala, ndipo kuchindikala kukhale mamilimita 5, osapitirira. Ana amakonda kusiya chochindikala ngati chitumbuwa, ndipo chotere chimauma kunja kokha, m'kati n'kukhala chiwisi. Podula, kamwa la tambula limatulutsa zozungulira zabwino, nyenyezi ndi mitima zimafuna tizitsulo todulira mabisiketi. Bowo lolowetsa ulusi liboole nthawi yomweyo ndi kapaipi komwera zakumwa, pafupifupi sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Mukaiwala, mukadzayesa kuboola chitauma chimasweka pakati.

Gulu loyamba linaonongeka pa zifukwa ziwiri zodziwika. Choyamba, fulawa wofufumitsa yekha uja, wolembedwa self-raising papaketi, amatupa mu uvuni, nyenyezi n'kusanduka kapilo. Pamafunika wolembedwa plain. Chachiwiri ndi moto. Pa madigiri 160 pamwamba pamauma msanga, nthunzi yotsekeredwa m'kati imakankha n'kutulutsa matuza, m'mbali n'kupserera. Uku si kuphika, ndi kuumitsa basi. Uvuni ukhale pa madigiri 100, kwa maola awiri kapena atatu, ndipo pakati pa nthawiyo tembenuzani chilichonse. Podziwa kuti chauma, yang'anani kumsana kwake: pakakhala kadontho kakuda pang'ono pakati, madzi akadalimo. Chouma bwino chimayera mbali zonse ndipo mukachigogoda ndi chikhadabo chimalira ngati mbale yadothi. Chidindo cha dzanja la mwana, chomwe chimafunika kuchindikala sentimita imodzi, chimatenga maola anayi kapena kuposa.

Penti wa akriliki ndiye woyenera, ndipo apakidwe zitazizira. Penti wa kusukulu wosungunula ndi madzi amanyowetsanso pamwamba, chinthucho n'kufewa. Penti akauma, pakani vanishi kapena guluu woyera wotchedwa PVA mbali zonse ziwiri, osaiwala m'kati mwa bowo muja. Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, koma mchere umakoka chinyezi kuchokera mumpweya. Tinyenyezi tiwiri tosapaka vanishi tinakolekedwa dala kukhitchini kuti tione, ndipo patangotha sabata imodzi ya nthunzi ya nsima ndi nyemba tinayamba kupindika, kenako ulusi unang'amba bowo. Topaka vanishi tikadali tolimba. Nyengo ikatha, tisungidwe m'chitini chotseka bwino, osati m'katoni ya m'galaja.

Chenjezo limodzi lofunika: phala limeneli lili ndi mchere wambiri kwambiri moti galu akadya amadwala koopsa, ndipo kamwana kokwawa kamaliona ngati bisiketi. Kolekani pamwamba.

Uvuni ukadali wofunda, umitsaninso malalanje odula mopyapyala, mamilimita 5 chimodzimodzi, kuti nawonso akhale zokoleka. Afinyeni kaye pakati pa nsalu ziwiri kuti madzi achepe, apo ayi shuga wake amamata pathireyi n'kuda.

Kumayambiriro kwa Disembala: juzi ya kusukulu

Masukulu ambiri amachita Christmas Jumper Day, tsiku limene bungwe la Save the Children linayambitsa mu 2012, pamene ana amavala majuzi okongoletsa n'kupereka kandalama kothandizira. Palibe chifukwa chogulira juzi yatsopano yoti ivalidwe tsiku limodzi, mwana n'kuikula pofika chaka chamawa. Tengani juzi yakale, dulani mtengo wobiriwira kapena nkhope ya mphalapala pa nsalu ya feliti, n'kusokerera ndi misoko italiitali yosavuta kumasula. Zidutswa za chitenje zotsala kwa telala zimatulutsa nyenyezi zowala kuposa za m'sitolo. Guluu pa ubweya sagwira. Zomata zinayamba kugwa nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mwana wazaka 7 kupita m'tsogolo angathe kusoka yekha ndi singano yokulirapo ya nsonga yobuntha.

Pakati pa Disembala: maluwa a chipale a papepala

Iyi ndi yosafuna kuumitsa, n'chifukwa chake ndi yabwino pa tsiku la mvula. Kadontho ka chipale chofewa kali ndi nthambi zisanu ndi imodzi, koma ana ambiri amatulutsa za nthambi zinayi kapena zisanu ndi zitatu chifukwa amangopinda pakati mobwerezabwereza. Kapindidwe kake ndi aka: dulani pepala la A4 kuti mbali zonse zifanane, pindani ngodya kukakumana ndi inzake, pindaninso pakati, kenako gawani patatu kuchokera pansonga, mbali ya kumanja pamwamba pa ya kumanzere. Dulani michira yotsala kumwamba. Kugawa patatu kuja ndi kovuta, ndipo ndi bwino wamkulu apindiretu mapepala khumi, ana azingodula.

Pepala losindikizira likapindidwa chonchi limakhala ndi magawo 12, ndipo sizasi ya ana imaluma osadula. Pepala lopyapyala lophikira makeke limadulika mosavuta. Podula, siyani malo ena osakhudza m'mbali zonse ziwiri zopindika, apo ayi duwa limagwa zidutswazidutswa potambasula. Pawindo matani pakona za felemu, chifukwa galasi limachita thukuta m'mawa ndipo pepala limanyowa n'kufota.

21 Disembala: nyali za tsiku lalifupi

Ili ndi tsiku limene ana aliyembekezera kwambiri, ndipo ndi loyenera kulilimbikira. Pa tsiku lalifupi kwambiri pachaka, ku London kumawala maola osakwana 8. Mumzinda wa Brighton, m'mphepete mwa nyanja, anthu amayenda m'misewu usiku umenewu atanyamula nyali za mapepala ndi timitengo pa mwambo wa Burning the Clocks, wokonzedwa ndi bungwe la zaluso la Same Sky, ndipo pamapeto pake nyalizo amaziwotcha pagombe. Banja lokhala kutali ndi Brighton lingathe kungozungulira msewu wa kwawo cha m'ma 5 koloko, kunja kutada kale koma ana asanatope.

Nyali yosavuta ndi ya botolo la jamu. Livikeni m'madzi otentha kuti chizindikiro chimatuke, ndipo guluu wotsalira achotsedwe ndi kadontho ka mafuta ophikira, kenako tsukani ndi sopo, chifukwa pagalasi la mafuta pepala silimata. Sakanizani masipuni 2 a guluu wa PVA ndi sipuni 1 ya madzi. Mwana ang'ambe pepala la tishu la mitundu tizidutswa ta masentimita 3 kapena 4, apake guluu pagalasi ndi burashi, amate pepala, n'kupakanso pamwamba mopepuka. Zolakwika zake ndi zitatu. Guluu wa madzi ambiri amang'amba pepala n'kusungunula utoto, mitundu yonse n'kusakanikirana kukhala yamatope. Kusanjikiza mapepala anayi kapena asanu kumatsekereza kuwala. Awiri ndi okwanira, ndipo chikasu, chofiira ndi cha lalanje zimawala kuposa chabuluu chakuda. Chachitatu ndi changu: botolo likaikidwa pamwamba penipeni pa rediyeta, chitsulo chotenthetsera m'nyumba chija, mbali imodzi imauma msanga n'kukwinyika. Liikeni chozondoka panyuzipepala pafupi ndi rediyeta usiku wonse. Guluu akamaoneka woyera ngati mkaka ndiye kuti sanaume; wouma amaonekera ngati galasi.

Chogwirira ndi ntchito ya wamkulu. Zungulizani waya wofewa kawiri pakhosi pa botolo, pansi pa mizere yotsekera chivundikiro, mupotokole mwamphamvu, kenako mangani waya wina wa masentimita 40 mbali ziwiri zoyang'anizana. Ulusi wa ubweya umaterereka, botolo n'kugwera pansi. Kwa ana osakwana zaka 5 botolo la pulasitiki la chiponde ndi labwino kuposa la galasi.

Nyali yaikulu ya ngodya zitatu inayesedwanso: timitengo titatu ta masentimita 40 pansi, titatu ta masentimita 55 tokumana pamwamba, tomanga ndi tepi ya pepala. Tishu wamba amabooka akanyowa pa malo aakulu chonchi. Pamafunika wolimba wogulitsidwa m'masitolo a zaluso, wosang'ambika m'madzi, ndipo akamauma amadzikoka yekha n'kukungika ngati chikopa cha ng'oma. Imafuna masiku awiri kuti iume, ndiponso kakhomo kosiya pansi kolowetsera kanyali kowunikira m'kati.

M'kati musaike kandulo yeniyeni. Tinyali ta LED tooneka ngati kandulo n'tokwanira, koma tiyang'aneni kunsi musanagule. Tambiri timayendera batire yaing'ono yozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndipo mwana akaimeza imatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Gulani tokhala ndi chitseko cha batire chomangidwa ndi sikuluwu, ndipo mukakayikira kuti mwana wameza, imbani 999, nambala ya pangozi, kapena thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti adandaule kaye.

Chotsala: mapankeke a mu Febuluwale

Pancake Day imagwa Lachiwiri loti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa, masiku 47 Isitala isanafike, ndiye tsiku lake limasuntha chaka ndi chaka. Mu 2026 ndi pa 17 Febuluwale. Ku Olney, m'dera la Buckinghamshire, amayi amathamanga mpikisano atanyamula chiwaya chokhala ndi pankeke, mwambo umene anthu akumeneko amati unayamba mu 1445. Ana angathe kuchita zomwezo pabwalo ndi chiwaya chozizira ndi pankeke yozizira, lamulo likhale kutembenuza kamodzi poyamba ndi kamodzi pomaliza.

Phala layesedwa kale kawiri. Muyezo ndi magalamu 100 a fulawa wamba, mazira 2, mamililita 300 a mkaka ndi kamchere kotsina, ndipo umatulutsa mapankeke opyapyala pafupifupi 10. Kumbani kadzenje pakati pa fulawa, swerani mazira m'menemo, thirani theka la mkaka n'kutakasa mpaka mibulu ithe, kenako onjezani wotsalawo. Mukathira mkaka wonse nthawi imodzi, mibulu imayandama ndipo siphwanyika. Phala lipume mphindi 30 kuti fulawa amwe madzi. Chiwaya chitenthe bwino, mafuta akhale ongopaka ndi kapepala. Akachuluka pankeke imakazingika ngati mandasi, m'mbali n'kulimba. Yoyamba kawirikawiri imamata chifukwa chiwaya sichinatenthe mofanana. Mbali yoyamba imafuna pafupifupi mphindi imodzi, yachiwiri theka lake. Kuno amadya ndi madzi a mandimu ndi shuga, ngakhale ana athu asankha nthochi ndi chiponde.

Za mpikisano zija zimafunika zochindikala pang'ono kuti zisang'ambike potembenuza, choncho gulu lachitatu tidzachepetsa mkaka kufika mamililita 250 n'kuziphika dzulo lake, zigone mufiriji pakati pa mbale ziwiri.