Lachiwiri: lero ndazula chingwe cha backup

Mayi a ku akaunti andiimbira ndisanamalize tiyi. "Achimwene, tabwerani muone imelo iyi, ikundikayikitsa." Imaoneka ngati yochokera ku kampani imene imatigulitsa katundu, chizindikiro chake chili pomwepo, ikuti asintha nambala ya ku banki ndipo titsegule invoisi. Koma adiresi yake inali ndi chilembo chimodzi chowonjezera. Mayiwo sanadine kalikonse. Ndawathokoza mokweza pamaso pa anzawo, mwadala, chifukwa ambiri akadina amabisa poopa kukalipiridwa, ife n'kudzamva patapita masiku.

Nditabwerera pa mpando mtima sunakhazikike. Akanadina bwanji? Ndapita m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a kampani, kukaona backup, kope lapadera loti tibwezeretsere zinthu zikatayika, ndipo thukuta landituluka. Hard drive imene timasungapo kope la database, kaundula wa makasitomala ndi malipiro, yakhala yolumikizidwa ku seva usana ndi usiku. Ransomware, pulogalamu ya akuba ofuna dipo, ikalowa imakhoma mafayilo onse amene ingawafikire, a pa drive yolumikizidwa omwe. Tinasunga mbewu ya chaka chamawa m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chodya. Moto utabuka, zonse phulusa.

Ndazula chingwecho, kenako ndayesa kubwezeretsa database pa kompyuta yakale. Zatenga maola atatu, magetsi anathimanso pakati. Yabwerera, koma mafayilo a milungu iwiri yapitayi akukana kutseguka. Seva imalemba tsiku lililonse kuti backup yatheka bwino, ife n'kumakhulupirira osayesako.

Madzulo ndalowa kwa abwana kukapempha ma drive awiri oti tizisinthanitsa, ina izigona kunja kwa ofesi. Yankho lawo ndimalidziwa kale: "Kakampani kathu aka, ndani angakafune?" Ndawafotokozera kuti mbava za pa intaneti nthawi zambiri sizisankha, zimatumiza mapulogalamu oyendayenda kufufuza chitseko chosakhoma. Ndawakumbutsa za February 2024, pamene Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowa m'makina a mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kusindikiza kunaima kwa milungu ingapo, anthu ofuna kupita kunja kusukulu ndi kuchipatala ali manja m'khosi. Apa anaika foni pansi n'kuyamba kumvetsera.

Ndatchulanso ransomware ya WannaCry ya May 2017, imene inasokoneza zipatala za boma za NHS ku Britain. Chimandiwawa pa nkhani imeneyo n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowo la mu Windows limene WannaCry inalowerapo mu March, ambiri anangochedwa kuchiika. Ifenso tili ndi makompyuta atatu a Windows 10, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Komanso lamulo la Data Protection Act la 2024 likutipatsa udindo wosamala mayina ndi manambala a anthu amene tawasunga. Si zathu zimenezo, anatisungitsa.

Avomera ma drive. Za makompyuta atsopano ati tidikire mwezi wa mawa.

Ndatenga kope latsopano, ndalikhoma ndi pasiwedi, ndaliyesa ndipo latseguka. Drive ili m'chikwama changa, mu minibasi ndinaifungatira pamiyendo njira yonse. Mawa ndiyamba ndi mndandanda wa maakaunti olowera m'makina athu. Ndaona dzina la mnyamata amene anasiya ntchito chaka chatha likadali lotsegula.