Ziro amene anadya theka la bwalo la Pac-Man

Pac-Man, gemu imene Namco inatulutsa mu 1980, sinapangidwe kuti izitha. Ukadya timadontho tonse, bwalo limadzazanso, mizukwa n'kuyambiranso kukuthamangitsa. Koma wofika pa levulo 256 amapeza theka lakumanja la sikirini litasanduka chipwirikiti cha zilembo, manambala ndi mitundu. Kwa wophunzira za ma bug, zolakwika za m'mapulogalamu a kompyuta, nkhaniyi ndi yokoma chifukwa utha kuitsata ndi pensulo papepala.

Makinawo amayendera purosesa ya Z80, ndipo nambala ya levulo imasungidwa mu byte imodzi. Byte ili ndi ma bit 8 (timalo tonyamula 0 kapena 1), motero imanyamula 0 mpaka 255 basi. Kuwerengako kumayambira pa 0, choncho levulo 256 m'kati imalembedwa 255. Pansi pa sikirini pali mzere wa zipatso zosonyeza pamene wafika, ndipo siziposa 7. Kachigawo ka pulogalamu kojambula zipatsozi kamatenga nambala ija n'kuwonjezera 1. Pa 255 yankho likanakhala 256, koma malo palibe, ndiye imabwerera pa 0, monga mita ya makilomita m'galimoto ikadzaza ma 9 okhaokha.

Kenako pulogalamu imafunsa ngati nambalayo ndi yochepera 8. Ikakhala yochepera, imaganiza kuti wosewera akadali koyambirira, n'kujambula zipatso zochuluka molingana ndi nambalayo. Ziro ndi wochepera 8, ndiye amadutsa osafunsidwa kanthu. Apabe zinthu zikanatha bwino, kungojambula zipatso ziro. Chinalakwika ndi mmene loop yake, kachigawo kobwerezabwereza kujambulako, imayendera. Imagwiritsa ntchito lamulo la DJNZ: imayamba yajambula kaye, kenako imachotsa 1 mu register B, kamalo ka m'purosesa kosunga nambala ija, ndiye n'kuona ngati yafika pa 0. Mu byte, 0 kuchotsa 1 ndi 255. Loop imazungulira ka 256 m'malo mosazungulira n'komwe. Mndandanda wa zipatso ndi waufupi, choncho ikaumaliza imapitirira kuwerenga ma byte ena amene sanali zithunzi, n'kumawapaka pamwamba pa bwalo.

Chimene chimatseka njira ndi masamu a timadontho. Levulo imatha ukadya 244. Kumanzere kumatsala 114, kumanja 9 tobisika m'zinyalalamo. Tokwana 9 timeneti timabweranso ukafa, koma ngakhale utakhala ndi miyoyo 5 yosungira, umapeza 54 kumanjako pa miyoyo 6 yonse, pamodzi 168. Sizifika ngakhale pa 170 pamene kiyi wachiwiri, mphotho ya mapointi 5,000 yotuluka m'malo mwa chipatso, amatulukira. N'chifukwa chake mapointi okwera kwambiri amene angatheke ndi 3,333,360.

Donkey Kong ya Nintendo, ya 1981, inagwa m'dzenje lomwelo. Nthawi imene wosewera amapatsidwa imawerengedwa potenga levulo, kuwonjezera 4, n'kuchulukitsa ndi 10, ndipo ikapitirira 80 imadulidwa. Pa levulo 22 yankho ndi 260. Mu byte, 260 imasanduka 4. Podula paja 4 amaoneka wosalakwa, ndipo Mario, munthu amene wosewera amamuyendetsa, amafa patangopita masekondi ochepa, asanakwere patali.

M'magemu onse awiri chotchinga chinalipo. Chinangoikidwa pambuyo pa kuwerengetsa, nambala itagwa kale. Kunena kuti olemba pulogalamuwo anali osasamala n'kuwaonjeza: memory inali yochepa ndi yodula, ndipo m'ma arcade, malo osewerera magemu olipira, anthu ambiri ankagonja patapita mphindi zingapo, pamene kufika pa 256 kumatenga maola.

Wofuna kudzionera sayenera kusewera maola onsewo. Bolodi ya Pac-Man ili ndi switch ya rack test yolumphira malevulo, ndipo emulator ya MAME, pulogalamu yoyendetsa magemu akale pa kompyuta, ilinso nayo. Pa gemu imene ukulemba wekha, njira ndi yomweyo: ika nambala pamanja m'malo modikira. Ya byte imodzi yesa 0, 1, 254 ndi 255. Ngati imalola manambala ochepera ziro, malire ali pa 127. Ya ma bit 16 imagwa ikadutsa 65,535. Loop iliyonse yoyamba kugwira ntchito isanafunse, ipatse ziro uone chimene ichite. Pa Pac-Man kukonza kwake n'kwakung'ono: kufananiza nambala ya levulo isanawonjezeredwe 1, kuti 255 apite kunjira ya malevulo apamwamba, kumene zipatso ndi 7 nthawi zonse.