Lazaro asatifere m'manda a pulayiwudi

Tulo takana nde bola ndingolemba. Chibwerereni ku pulakatisi ya sewero la Pasaka mtima sukukhala pansi, nkhani yake ya utsi.

Pa gawo la Lazaro a tcheyamani akufuna kuti Yesu akangofuula kuti tuluka, utsi woyera uzikhuthuka m'manda muja nkumayenda chokwawa pa siteji. Ndi zokongola, sindikukana. Koma manda akewo ndi bokosi la pulayiwudi, khomo lake katoni yopenta ngati mwala, ndipo mnyamata wa Fomu 2 amagonamo chagada nsalu ili kumaso mpaka kwaya imalize nyimbo yonse. Nde abwera achimwene ena opanga za maukwati aja, akuti pa tsikulo adzaika beseni la madzi otentha mkati momwemo pambali pa mwanayo nkuthiramo dry ice, khomo lili chitsekere kuti utsi uunjikane kaye.

Ndati achimwene, mkatimo muli munthu. Akuti sisi musaope si utsi weniweni, ndi ayisi chabe, akwati amavinamo Loweruka lililonse. Eya amavinamo, ataimirira, mu holo yaikulu, mphuno zili m'mwamba. Ine kuntchito ku labu timalandira ma sampulo mu dry ice ndipo chinthu choyamba chimene amatiuza nchoti usalowetse mutu m'bokosi. Si madzi oundana ayi, ndi carbon dioxide wouma, amazizira mpaka -78.5°C, sasungunuka kukhala madzi amangosanduka mpweya, ndipo kilo imodzi yokha imatulutsa malita opitirira 500. Choyera chimene timaombera m'manja chija ndi nthunzi ya madzi basi. Mpweya weniweniwo suoneka, ndi wolemera kuposa umene timapuma, umakhazikika pansi ndipo umatsala choyeracho chitatha. Pansi pomwe pagona mwana wa eni.

Apa mpomwe a tcheyamani alowerera, akuseka. "A dokotala athu ayamba. Mayi anu aphikira nkhuni m'khitchini zaka zingati, afa?" Anthu gwa kuseka. Ndawayankha mwaulemu ndithu, ndati bambo, utsi wa nkhuni umalasa m'maso munthu nkuthawa yekha, uwu umayamba ndi mutu, kupuma mothamanga, chizungulire, kenako kukomoka. Ndiye mwanayu akusewera mtembo, atakomoka tidziwa bwanji? Tizingoti akusewera bwino, Yesu aitane kawiri katatu ife nkumati mwina sanamve kaamba ka kiyibodi. Ndawauzanso za ku Moscow mu February 2020, anthu atatu anamwalira pa phwando la bethide atathira dry ice pafupifupi makilo 25 mu swimming pool ya mkati mwa nyumba kuti ziwoneke bwino pa vidiyo. Iwo akuti amenewo ndi azungu amachita zinthu mopyola. Kaya.

Chandipweteka si kutsutsidwa ayi, ndi dzina lija la a dokotala, amalitchula mokoka dala. Akanati wayankhula ndi bambo wa tayi bwenzi beseni lija litatuluka panja nthawi yomweyo. Ndakhala pa benchi ndikudzifunsa kuti ndimavutikiranji, ine gawo langa ndi kusoka zovala za angelo, za utsi anandituma ndani. Masiku ano ndikupsa mtima msanga, mwina ndi ma shifiti a usikuwa, mwinanso ndatopa kukhala munthu amene amaononga chisangalalo cha anzake nthawi zonse.

Tisanaweruke kapena mwina zinali poyamba paja, sindikukumbuka bwino, anayesa fog machine inayo, ya magetsi. Madzi ake ali m'botolo lopanda lebulo. Ndafunsa kuti mwagula kuti, akuti ogula amadula, amasakaniza okha glycerine wodzola uja ndi madzi a pampopi. Makinawa amatenthetsa madziwo kwambiri mpaka asanduke nthunzi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi madzi ake amene anaupangira. Ukaika zako, glycerine akapserera amatulutsa acrolein, yemwe amawawa m'maso ndi kukhosi, osanena za fungo limene amathira mu zodzola lomwe silinapangidwe kuti lizilowa m'mapapo. Mtsikana amene akusewera Marita ali ndi mphumu, utsi utangofika pomwe anagwada wayamba kutsokomola, wafufuza inhela m'chikwama mwakabisira ngati walakwa ndi iyeyo. Palibe anamufunsa ngati zili bwino kwa iye. Mawindo onse tinamata mapulasitiki akuda kuti magetsi a siteji aziwala, nde utsiwo utulukira kuti.

Ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, komwe utsiwu amaugwiritsa ntchito usiku uliwonse sachita mwachimbulimbuli. Bungwe la ochita zisudzo la Actors' Equity limodzi ndi eni masewero anachititsa kafukufuku amene anatuluka mu 2000, anaunika osewera 439, ndipo kuchokera apo anaika malire, utsi wa glycol (mankhwala amene amapezeka m'madzi a fog machine) usapitirire 40 mg pa cubic metre ya mpweya pomwe pali wosewera. Amayeza ndi makina, amalemba kuti ukapopa masekondi angati munthu aime patali bwanji ndipo adikire nthawi yaitali bwanji. Ife choyezera tilibe, tili ndi chifuwa cha Marita basi.

Sindinati tisiye utsi. Ndati beseni likhale panja kuseri kwa manda utsi uzidutsa mu paipi kutulukira kutsogolo kwa khomo, kumbuyo kwa bokosi tichotse thabwa, mwana akhale pa mpando osagona ndipo azilowa nyimbo ili pafupi kutha. Wogwira ayisi avale magolovesi ochindikala ndipo asamutsekere m'botolo, limaphulika. Fog machine tigule madzi ake enieni, apope pang'ono chabe, mawindo a mbali ziwiri atsegulidwe, Marita agwade mbali inayo, wina azipukuta pansi chifukwa utsiwo umasiya poterera. Achimwene aja anagwedeza mutu pa za paipizo, akuti ali nayo. A tcheyamani angoti tiona Lachinayi.

Mayi ake a Lazaro ndili nayo nambala yawo. Ndikawaimbira zikhala ngati ndawadumpha akuluakulu, nkhani ifika ku komiti, ndikapanda kuwaimbira... Ndalemba meseji ndafufuta. Mawa ndili morning shift.